Mphuno ya a Kamtedza ndi Moto wa Pansi pa Chinyowa

Dziko la Ndimomwemo silipezeka pa mapu, ndipo eni ake amati zili bwino choncho, chifukwa mlendo akabwera amafunsa mafunso. Dzinali linachokera ku bwalo la mfumu. Kumeneko Mfumu Kalipinde Wachitatu ikalankhula, nduna zonse zimaomba m'manja katatu n'kuyankha kuti, "Ndi momwemo!" Tsiku lina mfumu inangogeya itakhuta maungu, koma nduna ziwiri zokhala kumbuyo zinayankha ndithu, poopa kuti mwina lamulo ladutsa izo osalimva.

Koma ndisawanamizire anthuwa. Anali ndi lamulo limodzi lanzeru, losiyidwa ndi makolo. Linkati moto uliwonse uli ndi mwini wake, ndipo ukalusa, mwini wakeyo akakhale pambali pake osachokapo mpaka uzime. Panalibe chindapusa, panalibe ndende. Ankangokuuza kuti, "Kalonde moto wako." Osaka mbewa ndi osuta fodya ankaliopa kwambiri lamuloli, mwakuti tchire la ku Ndimomwemo linkapsa mwaulemu.

Wopeza mwini moto anali Mnunkhizi wa Mfumu, udindo umene unkayenda m'banja limodzi kuyambira kalekale. Pa nthawi ya nkhani yathuyi Mnunkhizi anali a Kamtedza, bambo wamfupi, wofatsa, wa mphuno yooneka wamba. Koma mphuno imeneyo, abale! Ikanunkhiza utsi inkadziwa ngati ndi wa mapesi, wa tsekera kapena wa chitsa cha msuku, inkadziwanso mbali imene moto unayambira. Inali ndi khalidwe linanso. Pakakhala utsi, ngakhale wa ndudu ya munthu wa kutsidya kwa mtsinje, inkayetsemula yokha, mwini wake afune asafune. N'chifukwa chake lamulo linkati moto wolusa wazima pokhapokha Mnunkhizi ataimirira pamalopo, n'kukoka mpweya kakhumi osayetsemula, kenaka n'kunena pamaso pa anthu kuti, "Sindikumva kanthu." Pamenepo ndiye wolonda moto ankaloledwa kupita kwawo.

Kumunsi kwa likulu kunali dambo lalikulu lotchedwa Chinyowa. Nthaka yake sinali dothi ngati la kumunda. Inali udzu, mizu ndi gumbwa zimene zinkafa n'kuunjikana m'madzi kuyambira nthawi ya agogo a agogo, osaola kwenikweni, mpaka kuzama kuposa msinkhu wa anthu atatu. Ukapondapo inkanjenjemera, madzi akuda n'kutuluka pakati pa zala. Chaka ndi chaka moto unkadutsa pamwamba, kunyambita udzu wouma, n'kufa wokha chifukwa pansi panali ponyowa. Amayi ankalima madimba m'mphepete mwake, ng'ombe zinkamwa madzi ngakhale mu Okutobala, ndipo palibe amene anaganizapo zolithokoza dambolo.

Kenaka kunabwera kampani ya migodi ya Kumbatipite. Inapeza kuti m'mbali mwa dambo muli mchenga wakuda wonyezimira umene anthu akunja amaufuna kwambiri, kaya amadya kaya amadzola, ife sitinauzidwe. Vuto linali loti dzenje lililonse limene ankakumba linkadzaza madzi pofika m'mawa. Mkulu wa kampani anakadandaula kwa Nduna ya Migodi, a Chapamimba, munthu amene ankamva msanga madandaulo a anthu obwera pa galimoto. Mwezi usanathe makina anafika kudzakumba ngalande yaikulu kuchokera pakati pa Chinyowa mpaka kumtsinje. Mfumu yeniyeniyo ndiyo inatema khasu loyamba, khasu lomangidwa riboni, ndipo ngalandeyo inapatsidwa dzina loti Ngalande ya Kalipinde Wachitatu.

"Lero tagonjetsa matope," inatero mfumu. "Makolo athu ankaterereka. Ife tiziyenda ndi nsapato zoyera."

"Ndi momwemo!"

Madzi anatsika m'ngalandemo zaka ziwiri osapuma. Dambo linaphwa, linatsika, linachita ming'alu yolowa mwendo wa munthu. Nthaka yakuda ija inasanduka yopepuka, yofumbutuka m'manja ngati ndowe youma. Aliyense amene anasonkhapo moto wa ndowe akudziwa mmene imayakira. Siionetsa lawi, komanso siizima.

Utsi unayamba mu Seputembala wa chaka chachitatu. Sunkakwera kumwamba monga umachitira utsi woleredwa bwino. Unkakwawa pansi, wotuwa, wolemera, n'kumalowa m'nyumba, m'makalasi ndi m'zifuwa za anthu. Lawi silinkaoneka pena paliponse. Unkangotuluka m'ming'alu, lero apa, mawa uko. Mbuzi ya munthu wina inathamangira padambo, nthaka inabooka pansi pa miyendo yake, ndipo mwini wake atafika anangopeza dzenje la phulusa lotentha ndi fungo la nyama yootcha.

Pa msika wa Tamvani anthu ankagula ndi kugulitsa akupukuta misozi.

"Mayi, nsomba zanuzi n'zaziwisi kapena zowamba?" anafunsa wogula wina.

"Ndabwera nazo zaziwisi," anayankha mayi wogulitsa. "Tadikirani pang'ono, pofika masana zikhala zowamba. Mtengo ndi womwewo."

"Ine chondiwawa n'chakuti dziko lonse lasanduka uvuni," anatero wogulitsa makala, "koma makala ake sitikuwaona."

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunathera m'chifuwa. Kuchipatala kunadzaza makanda opuma ngati akuliza wenzulo ndi nkhalamba zogona chokhala. Koma boma silinaone kanthu mpaka tsiku la chikondwerero cha ufumu, pamene mfumu inatsokomola kasanu ndi kawiri pakati pa mawu ake. Nduna, posowa chochita, zinatsokomola nawo. Tsiku lomwelo a Kamtedza analamulidwa kukapeza mwini moto.

Anazungulira Chinyowa masiku awiri, akuyetsemula mpaka nthiti kuwawa. Anagwada pa ming'alu, analowetsamo dzanja, analitulutsa msanga. Tsiku lachitatu anaimirira pabwalo, chipewa chili m'manja.

"Mnunkhizi," inatero mfumu, "motowu ndi wa yani?"

"Mwini dziko, utsi umenewu si wa udzu, si wa mtengo. Ikupsa ndi nthaka yeniyeniyo, pansi, kuzama ngati chitsime. Zaka zonsezi takhala tikuyatsa pamwamba pa Chinyowa, moto osalowa. Chaka chino walowa chifukwa madzi anachoka."

"Anapita kuti madziwo? Ndani anawaloleza?"

"Anatsata ngalande, mwini dziko."

Nduna zinayamba kuyang'ana nsapato zawo ngati zikuziona koyamba. Paja khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ngalandeyo inali ndi dzina la mfumu, ndiye kunena kuti moto ndi wa ngalande kunali kuuza Kalipinde Wachitatu kuti anyamule mphasa akakhale mu utsi.

A Chapamimba anadzuka pang'onopang'ono, mimba inayamba kufika kutsogolo, eni ake pambuyo.

"Mwini dziko, Mnunkhizi watopa ndi ulendo, timukhululukire. Lamulo la makolo silifunsa amene anaumitsa. Limafunsa amene anayatsa. Kodi ngalande ili ndi machesi?"

"Ndi momwemo!" zinatero nduna, zina zikupukuta thukuta.

"Tsono ndifunse kafunso kamodzi," anapitiriza a Chapamimba. "A Kamtedza, mutafika kum'mawa kwa dambo, kodi simunamveko fungo la phulusa la chidulo?"

Apa a Kamtedza anauona msampha. Kum'mawa kwa dambo, m'mudzi wa Mphepete, kunkakhala mlongo wawo wamkulu, Nangondo, mayi wamasiye amene ankatentha gumbwa wouma n'kumatcheza chidulo, madzi a phulusa aja ophikira therere, n'kumakagulitsa ku msika. Anali m'bale yekhayo amene anawatsalira. A Chapamimba ankadziwa zonsezi. Munthu uja pa ntchito ya migodi anali mbuli, koma pa ntchito yofufuza abale a anthu anali katswiri.

"Ndinalimva," anatero a Kamtedza, "koma..."

"Walimva! Alembi, lembani."

"Koma mwini dziko, mayi ameneyo wakhala akutentha pamalo omwewo zaka makumi atatu, ndipo moto sunalowepo pansi ngakhale kamodzi."

"Mwamva nokha," anatero a Chapamimba akutambasula manja. "Zaka makumi atatu! Si kuphonya ayi, ndi chizolowezi."

Mlandu unathera pomwepo. Asilikali anamutenga Nangondo n'kukamukhazika m'mphepete mwa Chinyowa, pamene utsi unkadutsa popita ku likulu. Boma, mwa chifundo chake, linamupatsa mphasa ndi kachidebe kamodzi ka madzi kozimira moto wa dambo lotalika ulendo wa theka la tsiku.

A Kamtedza anamupeza atakhala mwendo uli tambalale, atadzikulunga chitenje kukamwa.

"Achemwali, ndakuperekani ndi pakamwa panga."

"Munafunsidwa, munayankha," anatero Nangondo. "Mukanati chiyani? Mwandibweretsera chinangwa?"

"Ndabweretsa."

"Basi khalani tidye. Nkhuni sizivuta kuno. Mungokwirira pamng'alupo, chipsa chokha."

Nangondo anali wa nthabwala kuyambira ubwana, koma utsi susekedwa. Pofika tsiku lachisanu mawu ake anali atasasa, ndipo akatsokomola ankalavula zakuda. Namwino wina wa kuchipatala, amene anabwera mozemba kudzamuona, anawakokera a Kamtedza pambali n'kuwauza mosabisa kuti mayiyu akakhala pamenepa mwezi umodzi adzamunyamula pa machira. Mvula inali kutali ndi miyezi iwiri. Ndipo a Kamtedza ankadziwa kuti moto wozama chotere ungathe kugona pansi dzinja lonse n'kudzukanso chilimwe.

Anapita kwa a Chapamimba. Anawapeza mu ofesi yotseka mawindo, makina oziziritsa mpweya akulira.

"Bwana, mlongo wanga afa."

"Pepani kwambiri," anatero a Chapamimba. "Koma kiyi ali ndi inu, a Kamtedza. Kampani ikufuna kukumba ngalande yachiwiri, ndipo akunja ogula mchenga sakondwa akamamva za moto. Inu mungoimirira paja, mukoke mpweya kakhumi, munene mawu anu awiri aja. Mlongo wanu apita kwawo, kampani ikumba, mfumu ikondwa. Walira ndani?"

"Koma motowo sunazime, bwana."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, a Kamtedza. Za pansi pa nthaka zisiyireni a pansi pa nthaka."

Ndikanakonda kukuuzani kuti a Kamtedza anakana, anamenya tebulo, anatuluka mutu uli m'mwamba. Sanatero. Anavomera. Ine sindiwaweruza, ndipo amene akufuna kuwaweruza ayambe wamvetsera mlongo wake akupuma ngati chitseko cha dzimbiri.

Tsiku lachisanu ndi chitatu anamanga tenti m'mphepete mwa dambo. Mfumu inabwera, nduna zinabwera, gulu la amayi ovina linabwera, ndi anthu a ku msika amene anatseka malonda kuti adzaone mmene munthu woona amanamira. A Kamtedza anali atapaka mafuta m'mphuno, atalowetsamo tithonje. Anaimirira, anatseka maso, anakoka mpweya. Kamodzi. Kawiri. Katatu. Nkhope inayamba kukwinyika, milomo kunjenjemera. Anadzitsina pantchafu. Pa kachinayi mphuno inaphulika. Anayetsemula mwakuti chipewa chinagwa, ndipo kathonje kamodzi kanauluka n'kukatera pa bondo la Nduna ya Migodi.

Mfumu inakwera galimoto osatsanzika. Anthu anabalalika akugwira m'mimba ndi kuseka, ena akupukusa mitu.

"M'boma lonseli muli wantchito mmodzi yekha wosamva ziphuphu," anatero mayi wa nsomba uja, "ndipo ndi mphuno."

"Musaiyamikire mokweza," anatero wa makala. "Aikweza pa ntchito aitumize kunja."

Nangondo sanaseke. Anamuyang'ana mlongo wake akutola chipewa, nkhope itagwa ndi manyazi awiri, oyesa kunama ndi olephera kunama.

"Mwachita bwino kulephera," anatero. "Musadzayesenso."

A Kamtedza anayesanso, kuseri. Anafwenkha fodya wamphuno kuti mwina mphuno iledzera. Anadzimanga kansalu konyowa. Anapita kwa sing'anga amene anawapatsa muzu wotafuna ndi kuwaletsa kudya nkhuku. Mphuno inakana zonse. Inali mphuno ya agogo awo ndi agogo a agogo awo, ndipo sinaphunzitsidwe kumvera nduna.

Pofika tsiku lakhumi ndi chitatu Nangondo sankathanso kumaliza chiganizo osaima pakati. Nthabwala zinkayamba, n'kutsamira pakhosi. M'mawa umenewo a Kamtedza anabwera ndi bulangeti lolemera, ngakhale dzuwa linali loswa mtengo.

"Bulangeti n'la chiyani kutentha konseku?" anafunsa Nangondo.

"Ndikufuna kudzifukiza."

Nangondo anamvetsa nthawi yomweyo. Kwathu munthu akadwala chimfine amamufundika bulangeti pamwamba pa mphika wa masamba owira kuti nthunzi imutsekule mphuno. A Kamtedza ankafuna kuchita zomwezo pamwamba pa mng'alu wofuka, kuti utsi uwaphere mphuno.

"Achimwene, mwapenga? Mphuno imeneyo si yanu nokha. Ndi ya makolo athu. Ndi ya dziko."

"Dziko lili ndi mphuno zambiri," anatero a Kamtedza. "Ine mlongo ndili naye mmodzi."

"Nanga moto ukadzabuka kwina, adzanene ndani?"

"Za mawa tidzaziona mawa."

"Ndikukuletsani ine mkulu wanu."

"Letsani mukadzapeza mpweya woletsera," anatero a Kamtedza, ndipo kanali koyamba m'moyo wawo kumuyankha mlongo wawo mwamwano.

Anasankha mng'alu waukulu, anagona chafufumimba, anadzifundika mutu. Tsiku loyamba anayetsemula mpaka kukomoka. Lachiwiri mphuno inatuluka magazi. Asilikali awiri olondera Nangondo ankangoyang'ana, chifukwa m'buku lawo la malamulo munalibe ndime yoletsa munthu kudziwononga yekha pofuna kukondweretsa boma. Nangondo anatukwana, anapempha, anawagenda ndi chibuluma, kenaka anangoyamba kumawapatsa madzi a m'kachidebe ka boma kaja akatuluka m'bulangetimo. Kuyetsemula kunayamba kuchepa. Kakhumi pa tsiku, kenaka kasanu, kenaka kamodzi kofooka ngati ka mwana wa mphaka.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chinayi la kudzifukizako, Nangondo anathyola tsamba la mpungabwi, chomera cha fungo lamphamvu, analifikisa m'manja, analiika pamphuno pa mlongo wake.

"Mukumva chiyani?"

A Kamtedza anakoka mpweya kwautali. Anakokanso.

"Ndikumva kuti mwandigwira pamphuno."

A Kamtedza anaseka, munthu amene ankatha kudziwa kuti mvula ikubwera mawa, amene ankazindikira mlongo wake ali kuseri kwa nyumba ndi fungo la phulusa la m'manja mwake. Anaseka mpaka kuseka kunasanduka kwina. Nangondo anatembenukira kumbali n'kudziphimba kumaso ndi chitenje, ndipo ulendo uno sichinali chifukwa cha utsi.

Tenti inamangidwanso. Tsiku limenelo mphepo inatembenuka, ndipo utsi unali wochuluka mwakuti okhala kumbuyo sankaiona mfumu, ankangoimva kutsokomola. Kalipinde Wachitatu anali atamanga kansalu kukamwa, ndipo a Chapamimba analengeza kuti ndi kavalidwe katsopano ka mafumu a kunja. Amayi ovina anavina nyimbo imodzi n'kukhala pansi.

A Kamtedza anaimirira pamalo paja. Gulu lonse linkawerenga chamumtima. Kamodzi, kawiri, katatu. Pa kachinayi a Chapamimba anaphimba bondo ndi chipewa. Kasanu. Kasanu n'kamodzi. Nkhope ya a Kamtedza inali duu ngati ya munthu amene akudikira basi. Pa kakhumi anatsekula maso ofiira, anayang'ana kumene kunkamveka chifuwa cha mfumu.

"Sindikumva kanthu," anatero.

Ndipo sananame. Chondipweteka ine n'chakuti m'chaka chonsecho amenewa ndiwo mawu oona okhawo amene bwalo la Ndimomwemo linawalandira ndi manja awiri.

Nthungululu inayamba, n'kuduka pakati. Mfumu inalengeza kuti moto wa Chinyowa wazima chifukwa cha utsogoleri wanzeru, ndi kuti kuyambira tsiku limenelo aliyense wotsokomola pagulu akufalitsa mphekesera. A Kamtedza anavekedwa mendulo n'kupatsidwa udindo wa Mnunkhizi mpaka imfa, popeza tsopano ufumu unali utapeza mphuno yogwirizana ndi chitukuko. Dzuwa lisanapendeke, khasu la riboni linatulutsidwanso ndipo makina anayamba kukumba ngalande yachiwiri.

"Ndi momwemo!" zinatero nduna, zikumeza chifuwa mpaka maso kutuluka.

Ku msika anthu anaphunzira kutsokomola mwanzeru. Wina akagwidwa ndi chifuwa, anzake ankaomba m'manja mokweza kuti msilikali asamve. Alendo odutsa ankadabwa kuona anthu okondwa chotere.

A Kamtedza anamukweza mlongo wawo panjinga n'kuikankha mpaka ku Mphepete. Anamufikitsa m'nyumba mwake, anamuphikira phala, analipsereza osadziwa, ndipo Nangondo analidya lonse osadandaula. Masiku anapita. Mayi uja anayamba kukhala pakhonde, kenaka kufika pa nkhokwe, kenaka kunyoza anthu odutsa monga kale. Chifuwa sichinathe, koma chinkamulola kumaliza nthabwala. A Kamtedza ankabwera tsiku lililonse, ndipo akamuona akusenda nyemba ankadziuza kuti malonda aja sanawagwe.

Koma mudzi wa Mphepete unamangidwa pa nthaka yakuda yomwe ija, ndipo ngalande yachiwiri inadutsa kuseri kwake. Zitsime zinauma m'sabata ziwiri. Sabata yachitatu nthochi za kuseri kwa nyumba ya Nangondo zinafota kuyambira kumizu, masamba akadali obiriwira. Nkhuku zinayamba kukana kupondako. Zinkafika pa malire ena osaoneka, n'kukweza mwendo, n'kubwerera.

A Kamtedza atafika m'mawa wina anapeza anthu atadzaza pabwalo pa mlongo wawo. Nangondo anali atakhala pa mtondo, mapazi atawakweza m'mwamba. Pakona pa nyumba, pamene khoma limakumana ndi nthaka, pankatuluka kautsi kotuwa, kopyapyala, kosafulumira.

"Mlendo wanga uyo," anatero Nangondo, mawu akutuluka pang'onopang'ono. "Ndinakamuchezera kwawo masiku makumi awiri ndi mphambu. Wabwera kudzabweza ulendo."

Amuna a m'mudzimo anali atanyamula makasu ndi matumba a mchenga. Nzeru yawo inali yoti akatseke ngalande ija kuti madzi abwerere anyowetse pansi, moto usanadye mudzi wonse. Koma kutsogolo kwawo kunaima msilikali wa mfumu, mfuti ili paphewa, maso akutuluka misozi ngati wina aliyense.

"Ine ndilibe nanu chifukwa, makosana," anatero msilikaliyo. "Amayi anga nawonso amakhala m'mudzi muno. Koma ngalande ya mfumu siikhudzidwa pokhapokha pali moto, ndipo moto umakhalapo Mnunkhizi akayetsemula. Ayetsemule kamodzi kokha, ine ndiika mfuti pansi ndinyamule thumba."

Anthu onse anatembenukira kwa a Kamtedza.

Bambo uja anayenda mpaka pakona paja. Anagwada, anaika manja pa nthaka yofunda, anatsitsa nkhope mpaka utsi unawakuta kumaso. Anakoka mpweya. Palibe chinachitika. Anakokanso mwamphamvu, mendulo ikulendewera pakhosi. Pa kachisanu anakwinya nkhope n'kutulutsa kaphokoso kofanana ndi kuyetsemula.

Msilikali anayang'ana pansi mwamanyazi.

"Ayi, bambo," anatero chapansipansi. "Kuyetsemula kwanu kuja tonse timakudziwa. Akandifunsa kulikulu ndikapachikidwa ndine."

A Kamtedza sanadzuke. Anakoka kakhumi, anapitirira, khumi n'kamodzi, khumi n'kawiri, misozi ikugwera m'mng'alumo, akuipempha mphuno yawo chamumtima kuti idzuke kamodzi kokha. Amuna aja anayamba kutsitsa matumba pansi mmodzimmodzi. Kumbuyo kwawo Nangondo anagwidwa ndi chifuwa chachitali, chija chakale cha kudambo, ndipo palibe amene anaomba m'manja.

Chitamuleka, anatsika pa mtondo, anayenda pa nthaka yotenthayo ndi mapazi opanda nsapato, anamugwira mlongo wake paphewa.

"Dzukani, achimwene, mupsa mawondo," anatero. "Boma silikumva kanthu."